Buku Lodzuka Silisungika Potsekera M'kabati

Pali mtundu wina wa buku umene ana asukulu ambiri m'dziko muno sadauonepo, ndipo ngakhale aphunzitsi oŵerengeka amene adaugwirapo amangouyesa choseŵeretsa cha ana a anthu olemera. Buku lake likakhala chitsekere silisiyana ndi buku lina lililonse, kupatula kuti limaoneka lotupa pang'ono ngati lamwa madzi. Koma munthu akangolitsekula, pakati pa masamba aŵiri pamadzuka chinthu: nyumba imaimirira ndi denga lake lomwe, mbalame imatambasula mapiko, ng'ona imayasama kukamwa. Akalitseka, zonse zija zimagonanso bwinobwino, osathyoka ngakhale chimodzi. Pachingerezi buku lotere amalitcha pop-up. M'nkhani ino litchedwa buku lodzuka, poti ndicho chimene limachita.

Cholinga cha nkhani ino nkusonyeza kuti buku lodzuka ndi ntchito ya luso, yoyenera ulemu womwe uja anthu amapereka kwa wosema ziboliboli kapena wojambula zithunzi. Nkusonyezanso kuti chizoloŵezi chimene sukulu zambiri zili nacho posunga chinthu chosoŵa ngati chimenechi, ndicho kuchitsekera m'kabati ya aphunzitsi aakulu, chimangochipha pang'onopang'ono. Buku lotere limasungika pokhapokha pali manja odziŵa kulipanga ndi kulikonza. Ndipo ngati alipo malo m'Malaŵi muno oyenera kusula manja otero, malowo ndi chigwa cha Domasi, m'boma la Zomba.

Amene amati mabukuŵa nga ana okha sadziŵa mbiri yake, pakuti adayambira m'manja mwa akuluakulu ophunzira zakuya. M'zaka za m'ma 1200, mmonke wina wa ku St Albans ku England, dzina lake Matthew Paris, adasokerera kamkombero kozungulira patsamba la buku lake kuti munthu azitha kuŵerengera tsiku la Pasaka popanda kutembenuza buku lonse, limene lidali lolemera. M'chaka cha 1540 Petrus Apianus adasindikiza ku Ingolstadt buku lotchedwa Astronomicum Caesareum, lodzaza ndi mikombero ya mapepala yosanjikizana, yoti woŵerenga akaizunguza azipeza pamene mwezi ndi nyenyezi zoyenda zidzakhale pa tsiku lakutilakuti. Patapita zaka zitatu, mu 1543, Andreas Vesalius adakonzera ophunzira zaudokotala zithunzi za ziŵalo zam'kati mwa thupi, zoti azidule ndi kuzimata mosanjikiza, kuti akatukula khungu aone minofu, akatukula minofu aone zam'mimba. Ndipo pamene Henry Billingsley adatembenuzira m'Chingerezi buku la masamu la Euclid mu 1570, adamatamo timapepala toti wophunzira aziimiritsa ndi zala kuti piramidi ioneke monga iliri. Mphunzitsi wa masamu aliyense amene adatulukapo thukuta pabolodi, kuyesa kujambula ndi choko chinthu chokhala ndi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, ana nkumangomuyang'ana kukamwa kuli pululu, angathe kuona yekha nzeru ya Billingsley.

Ana adadzalandira mabukuŵa mochedwa. Mmisiri amene dzina lake limatchukabe mpaka lero ndi Lothar Meggendorfer wa ku Munich, amene adamwalira mu 1925. Iyeyu ankabisa timitanda ta katoni pakati pa masamba aŵiri omatana, nkutilumikiza ndi tiwaya topotedwa, kotero kuti mwana akakoka kalilime kamodzi kokha m'mphepete mwa tsamba, woimba zeze amagwedeza mkono, mutu ndi phazi nthaŵi imodzi. Dzina loti pop-up lidafala ndi kampani ya Blue Ribbon ya ku New York mu 1932. Pambuyo pake padabwera Vojtěch Kubašta wa ku Prague, amene mabuku ake adatembenuzidwa m'zilankhulo zambiri, kenaka Jan Pieńkowski, amene buku lake la mu 1979, Haunted House, lidalandira mphotho ya Kate Greenaway ku Britain.

Chimene chimadzutsa chithunzi m'buku lotere si matsenga ai, ndipo mulibe batire kapena sipuling'i. Mphamvu yonse imachokera m'dzanja la munthu wotsekula. Mmisiri amatenga kapepala kolimba, nkukapinda pakati, nkumata phiko limodzi patsamba lakumanzere ndi linalo patsamba lakumanja, mopendekera, kuti mapiko aŵiriwo akumane pamsana wa buku ngati chilembo cha V. Masamba akamatalikirana potsekula, amakoka mapiko aja, ndipo kapepalako, posoŵa koloŵera, kamaimirira. Chiyambi chake ndi chomwechi. Koma kupendekera kuja kukasiyana pang'ono pokha pakati pa kumanzere ndi kumanja, buku silitsekeka, kapena limatsekeka mothyola chithunzi. Chithunzi chikatalika mopitirira, chimasuzumira kunja kwa chikuto pogona. Palinso chinsinsi china chimene woluka lichero angachimve msanga kuposa munthu wa digiri. Pepala lili ndi njira yake, monga nsungwi. Nsungwi imang'aluka mosavuta m'litali koma imakana m'mbali, ndipo pepala lopangidwa ndi makina nalonso limapindika bwino mbali imodzi, pamene mbali inayo limasweka. Mmisiri wosadziŵa zimenezi buku lake silitha chaka.

Tsono luso lenileni lili pamwamba pa umisiri umenewu. Chithunzi chapakhoma munthu amachiona chonse nthaŵi imodzi. Chiboliboli amachizungulira. Koma buku lodzuka limalamulira nthaŵi: limabisa, kenaka nkuulula, ndipo woŵerenga ndiye amasankha kuti kuululako kuchitike mofulumira kapena mwapang'onopang'ono. Agogo osimba nthano madzulo amalidziŵa luso limeneli. Akafika pamene Kalulu wayandikira chitsime, amayamba aima kaye, kukhosomola, kusonkheza moto, ana mitima ili m'mwamba, kenaka ndi pamene amanena chimene chidachitika. Kutembenuza tsamba m'buku lodzuka ndiko kuima kwa agogo kuja.

Nchifukwa chake akatswiri a zojambula a maiko ena adalitenga buku lotere kukhala chipangizo chawo, osati pofuna kusangalatsa ana, koma pofuna kunena zinthu zolemera. Andy Warhol adaika zithunzi zodzuka m'buku lake lotchedwa Index mu 1967. Mu 1997 Kara Walker, mai wachikuda wa ku America, adatulutsa Freedom, a Fable, buku la zithunzithunzi zakuda bii zodulidwa papepala, losimba za mkazi womasulidwa kuukapolo amene ankalota moyo watsopano ku Afirika. Zithunzizo zikamadzuka patsamba loyera zimaoneka zokongola poyamba, koma munthu akaziyang'anitsa amachita nazo nthumanzi, ndipo nzimene mwini wake ankafuna. Colette Fu wa ku Philadelphia amapanga mabuku aakulu odzuka kuchokera ku zithunzi zimene adajambula pakati pa mitundu ing'onoing'ono ya anthu a m'chigawo cha Yunnan ku China, kwawo kwa makolo a mai ake. Ndipo izi si za kutsidya kwa nyanja kokha. Ku Johannesburg, m'nyumba ya zaluso ya yunivesite ya Wits, mudatsekulidwa mu 2019 malo otchedwa Jack Ginsberg Centre for the Book Arts, osungiramo mabuku opitirira 3,000 opangidwa ndi amisiri a zojambula. Kumeneko buku limaŵerengedwa ngati ntchito ya luso payokha, osati chotengera mau chabe.

Apa ndiye pali vuto limene osunga mabuku dziko lonse lapansi amalimbana nalo. Buku lodzuka limatha chifukwa cha chinthu chomwe chija adalipangira. Kutsekula kulikonse kumadya pang'ono pa mzere wopindika, kukoka kulikonse kumafutukula pang'ono bowo la kalilime. Koma likakhala chitsekere silili kanthu konse, chifukwa luso lake lonse lili m'kuyenda kwake. Ng'oma yopachikidwa kudenga kuti chikopa chisathe siikhalanso ng'oma. Ndiye wosunga buku lotere ali pakati pa moto ndi madzi: akalola anthu kuligwira likutha, akaŵaletsa lafa kale.

Sukulu zambiri zikalandira buku lokongola kuchokera kwa abwenzi akunja zimasankha kuletsa. Bukulo limaloŵa m'kabati ya muofesi, kiyi nkukhala m'thumba la munthu mmodzi, ndipo limatuluka pokhapokha kukabwera alendo. Aphunzitsi aakulu ochita zimenezi si oipa mtima. Amaopa kudzafunsidwa za katundu wa sukulu, ndipo amadziŵa bwino chimene ana makumi asanu ndi atatu angachite ndi kalilime kamodzi ka pepala. Koma kabati yotseka m'boma la Zomba si malo a chitetezo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mpweya umakhala wa chinyontho, ndipo akatswiri osunga mapepala amachenjeza kuti chinyontho chikakhalitsa pamwamba pa magawo 65 mwa 100, chuku chimayamba kumera. M'kabati mosapita mphepo ndimo chimakonda. Guluu amafeŵa, timapiko timamatuka, mapini a sitepula amachita dzimbiri nkudya pepala loŵazungulira. Mphemvu ndi njenjete zimatsata zomatira, makoswe amatsata chilichonse, ndipo chiswe chikapeza njira kuchokera pansi pa simenti yong'aluka chimatha shelefu yonse mwakachetechete, kusiya zikuto zokha zitaima ngati zili bwino. Buku limene limatsekulidwa sabata ndi sabata limapitidwa mphepo, ndipo mdani akaloŵa amaoneka msanga. Lotsekeredwa limadziŵika kuti lidaonongeka tsiku lobwera alendo.

Mdani wina ngwachifundo, ndiye selotepi. Mphunzitsi akaona phiko lang'ambika amathamangira selotepi, ndipo tsiku limenelo zimaoneka ngati zatheka. Pakapita zaka zingapo ulimbo wake umaloŵerera m'pepala nkusiya banga lofiirira losachoka, pulasitiki yake nkugwa yokha, ndipo pamene idaumitsa mzere wopindika pamayambira kung'ambika kwatsopano pambali pake. Akatswiri satero. Iwo amagwiritsa ntchito kapepala kopyapyala koma ka ulusi wautali, kochokera ku Japan, kopangidwa ndi khungwa la mtengo wa kozo, wachibale wa mabulosi. Amakamata ndi phala lopyapyala lophikidwa ndi sitachi wa tirigu. Ubwino wa phalali ngwakuti wokonza wa m'tsogolo angathe kulinyoŵetsa pang'ono nkuchotsa chigambacho popanda kuvulaza buku. Lamulo lawo nlakuti wokonza asachite chinthu chimene mnzake wobwera pambuyo sangathe kuchimasula. Ntchitoyi siifuna makina. Imafuna lezala lakuthwa, kaburashi, chinthu cholemera chopsinjira, ndi kudekha kuja kumene akuluakulu adati nkofunika poona maso a nkhono. Aphunzitsi a kuno adazoloŵera kale kumata ndi phala la chinangwa, limene nalonso ndi sitachi, ndipo bungwe la PAMET ku Blantyre lidasonyeza kuti pepala lolimba lopangidwa pamanja lingathe kuchokera ku ulusi wa nthochi ndi zomera zina za konkuno.

Ena anganene kuti masiku ano nkhaŵa yonseyi njachabe, popeza buku lingathe kujambulidwa nkusungidwa m'kompyuta. Pa mabuku a mau okhaokha zimenezi nzoona ndithu, ndipo moto umene udapsereza laibulale ya yunivesite ya Mzuzu mu Disembala 2015, nkuononga mabuku pafupifupi 45,000, udaphunzitsa dziko lino kuopsa kosunga chuma chonse pansi pa denga limodzi. Koma chithunzi cha buku lodzuka chili ngati chithunzi cha gule: chimasonyeza zovala, osati kavinidwe. Kanema amayesako, komabe sasonyeza timitanda tobisika m'kati, ndiponso sapatsa dzanja kulemera kuja kumene limamva tsamba likamakoka nyumba yonse kuti iimirire.

Mau otsutsa amene ali ndi mphamvu zenizeni ndi ena. Kholo kapena mphunzitsi angafunse kuti: m'dziko limene ana angapo amagwirizira buku limodzi la Chicheŵa, limene kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere ndipo chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi akhala odzaza mpaka pakhomo, kodi nkhani ya mabuku odzuka si mwano kwa amphaŵi? Funso limeneli nloyenera, ndipo likadakhala losayankhika ngati pempho likadakhala loti boma liitanitse mabukuŵa kunja. Ngokwera mtengo zedi. Koma chimene chimakweza mtengo wake si pepala. Ndi manja. Mpaka lero palibe makina amene amamaliza okha buku lodzuka. Kachidutswa kalikonse kamapindidwa ndi kumatidwa ndi munthu. Nchifukwa chake m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mabuku ambiri ogulitsidwa ku America ndi ku Ulaya ankalumikizidwa ndi anchito a kampani ya Carvajal mumzinda wa Cali ku Colombia, ntchitoyi isanasamukire ku maiko a ku Asia. Tsono manja aluso ndicho chinthu chimene dziko lino silidasoŵepo. Mnyamata amene amapinda mawaya nkutulutsa galimoto yokhala ndi chiwongolero chokhotetsa mateyala akutsogolo adadziŵa kale za timitanda ndi mfundo zoyenda, ngakhale sadamvepo dzina la Meggendorfer. Chimene amasoŵa ndi munthu womuuza kuti nzeru yomweyo ingathe kuloŵa m'buku, ndi kuti siyochititsa manyazi pamaso pa aphunzitsi.

Ndipo apa mpamene Domasi akuloŵera. Chigwa chimenechi, chimene mtsinje wake umatsika pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa kupita ku nyanja ya Chilwa, chakhala chikusula aphunzitsi kwa nthaŵi yaitali. Alexander Hetherwick adatsekula mishoni ya Church of Scotland kumeneko mu 1884. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kudakhazikitsidwa sukulu ya Jeanes, imene inkaphunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi pamodzi ndi akazi awo, ndipo ntchito zamanja zidali pakati penipeni pa maphunzirowo. Lero kuli Domasi College of Education, yophunzitsa aphunzitsi a sekondale, ndiponso Malawi Institute of Education, imene idayamba ntchito mu 1982 ndipo ndiyo imakonza masilabasi ndi mabuku a sukulu za m'dziko lonse lino. Kuchokera komweko kudafala chiphunzitso cha TALULAR, cholimbikitsa mphunzitsi kupanga zipangizo zophunzitsira ndi zinthu zopezeka pamalo pomwe ali: makatoni, zitsekerero za mabotolo, mapesi, dongo. Buku lodzuka likuloŵa m'chiphunzitso chimenechi popanda kukakamiza. Katoni ya sopo, kalendala yachaka chatha ndi phala la chinangwa nzokwanira kuyambira.

Komabe pakufunika kuchenjera kuti luso lisamezedwe ndi dzina loti chipangizo chophunzitsira. Chipangizo chimapangidwa mothamanga usiku woti maŵa kubwera woyendera, chikatha ntchito nkutayidwa. Buku la mmisiri limafuna kuti wolipanga akhale ndi chonena chakechake. Ndipo chigwa cha Domasi chili ndi zonena. Taganizani za buku limene potsekula tsamba loyamba mapiri aŵiri aja akudzuka, mtsinje nkuoneka pakati pawo. Tsamba lotsatira minda ya mpunga ya kumunsi. Kenaka nyanja ya Chilwa itaikidwa pamkombero wozungulira wonga wa Apianus, kuti woŵerenga akauzunguza aone madzi akuphwa monga adachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, mabwato atakhala pamatope osweka, kenaka madzi nkubweranso pamodzi ndi matemba. Mwana wa msodzi wa ku Kachulu sangafune womasulira buku lotero. Ndipo palibe mmisiri wa ku Munich kapena ku Philadelphia amene angalipange, chifukwa sadaione nyanjayo ikuthaŵa.

Kasungidwe kake kayenera kuganiziridwa tsiku lomwelo lopanga, osati buku litayamba kung'ambika. Amisiri a ntchitoyi, asanapake utoto uliwonse, amayamba apanga buku loyera lopanda zithunzi, longoyeserapo mapindidwe, ndipo amasunga mapatani a tizidutswa tonse. Mapataniwo ndiwo mbeu. Mlimi sasunga chimanga poleka kudya nsima. Amapatula ngala zabwino nkuzipachika, zotsalazo banja nkumadya. Chimodzimodzinso wopanga buku lodzuka ayenera kupanga oposa limodzi. Lina lipite m'kalasi kuti ana aligwire, alikoke, lithe, ndipo likatha lipangidwenso kuchokera ku mapatani aja ndi ana omwewo. Linalo, pamodzi ndi mapatani ndi buku loyera lija, ligone chogona m'bokosi la katoni lolingana nalo, pashelefu yotalikira pansi ndi khoma, osasanjikizapo katundu wolemera, ndipo lizitulutsidwa nthaŵi ndi nthaŵi kuti lipitidwe mphepo pamthunzi.

Pali mpata umodzi umene oyang'anira zachikhalidwe ayenera kuuona. Nkhokwe ya zolembedwa zakale ya dziko lino, National Archives, ili ku Zomba komweko kuyambira 1947, mtunda waufupi kuchokera ku Domasi, ndipo lamulo la Printed Publications Act limafuna kuti buku lililonse losindikizidwa m'Malaŵi lisiyeko kope imodzi kumeneko. Koma buku lopangidwa pamanja, la makope aŵiri kapena atatu, silidutsa kwa wosindikiza, choncho palibe chimene chimalikokera kunkhokweko. Wophunzira wa pakoleji angathe kupanga chinthu chodabwitsa m'chaka chake chomaliza, nkulandira malikisi ake, bukulo nkupita naye kusukulu yakutali kumene denga limadontha. Sipafunika lamulo latsopano kuti zimenezi zisinthe. Pafunika mgwirizano wamba pakati pa aphunzitsi a zaluso a ku Domasi, a ku yunivesite ya Malaŵi ku Chirunga, ndi osunga nkhokwe ija, woti chaka chilichonse mabuku aŵiri kapena atatu opambana azisankhidwa nkusungidwa, m'kati mwa chikuto mutalembedwa ndi pensulo dzina la wopanga, mudzi wake, chaka, mtundu wa pepala ndi chimene adamatira. Chotsirizachi chikuoneka chaching'ono, koma wodzakonza bukulo zaka makumi asanu zikubwerazo adzayamba wafunsa chimenechi asanalikhudze ndi madzi.